Pa Pepala Wachonga 5, Chipewa Chili pa Msomali

Msuweni wanga anabwera nalo pepalalo Loweruka lina mu June, kunja kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kaja, kosanyowetsa malaya koma kolowa m'mafupa. Amaphunzira za umoyo wa anthu, ndipo m'kalasi mwawo anapatsidwa ntchito yoti aliyense atenge mafunso a kafukufuku olembedwa m'Chingerezi, awaike m'chilankhulo cha kuno, kenako akawayese pa anthu angapo kuti aone ngati akumveka. Iye anasankha za kudziteteza ku dzuwa. Chomwe anasankhira mutuwu chinali chodziwikiratu: m'nyumba mwanga muno mu Chibavi ndikulera mwana wa malemu achemwali anga, mtsikana wa zaka 13 wa khungu lachialubino. Dzina lake sinditchula, ndipo inu okhala m'dziko muno simungandifunse chifukwa.

"Akazi anga," anatero mwa chisuweni chathu, akukutumula jekete pakhomo, "paja inu ndinu aphunzitsi a Chichewa. Timafunso iti tandikanika."

Ndinamuseka. Mafunso 12 okha, munthu wa ku koleji? Tinayamba tiyi ali wotentha. Pomaliza, nsima ya masana inali itauma m'mbale.

Funso loyamba linkafuna kudziwa mmene munthu amadzionera mumtima mwake, ngati angathedi kuvala chipewa nthawi zonse akamatuluka padzuwa. Ine ndinalemba kuti, "Muli ndi chikhulupiriro chotani kuti mungavale chipewa?" Nditawerenga mokweza tonse tinaphulika kuseka, poti linamveka ngati funso la m'kalasi ya ubatizo. Mmalawi ukamufunsa za chikhulupiriro sangakuuze kuti chake n'chochepa. Ndani angafune kutchedwa Tomasi? Tinayesa mawu oti kudzidalira, koma nawonso ali ndi katundu wawo: wodzidalira ndi mayi amene ali ndi geni yake, sapempha mchere kwa aneba. Kulimba mtima timauzana pamaliro. Kutsimikiza kukumveka ngati uli kukhoti, dzanja lili m'mwamba. Tinathera pa kamawu ka tsiku ndi tsiku: "Mukuona kuti mungakwanitse?"

Gawo lachiwiri linali la zinthu zimene munthu amaona kuti zimamulepheretsa. Msuweni wanga anali atalemba kale kuti "zotchinga". Ndinamuuza kuti akapita nalo liwulo kumsika, anthu akamuyankha za ukwati wosapezeka ndi ntchito yosalembedwa, chifukwa zotchinga masiku ano zimaphwanyidwa kumapemphero a usiku. Tinalemba kuti "zimene zimakuvutani". Pansi pa funso lililonse panali manambala kuyambira 1 mpaka 5, munthu achonge pamene mtima wake uli.

Ndinamufunsa kuti nzeru yoyeza mtima wa munthu ndi manambala inachokera kuti. Apa ndiye anakhala bwino pampando, mwana wa sukulu wapeza pofotokozera. M'zaka za m'ma 1950 ku America, akatswiri a zaumoyo a boma, ena mwa iwo Godfrey Hochbaum ndi Irwin Rosenstock, ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani anthu sankabwera kudzaunikidwa chifuwa cha TB pomwe galimoto zounikira zinkafika m'madera mwawo momwemo, mwaulere. Maganizo amene anatuluka pamenepo ndi oti munthu amachitapo kanthu akaona kuti nthendayo ingamugwiredi iyeyo, kuti ndi yoopsa, kuti zomwe akuuzidwazo n'zothandiza, komanso kuti zovuta zake sizikuposa phindu lake. Mu 1977 katswiri wa za maganizo a anthu, Albert Bandura, anabweretsa mfundo ina: munthu angadziwe zonsezo, koma ngati mumtima akuona kuti sangakwanitse, sayamba n'komwe. Mu 1988 mfundoyi inaphatikizidwa ku zoyamba zija. Makwerero a 1 mpaka 5 aja ndi akale kuposa zonsezi, anawayambitsa Rensis Likert mu 1932.

Zinandigwira mtima, sindinama. Ndi maganizo olemekeza munthu. Sakunena kuti wosatsatira malangizo ndi mbuli. Akufunsa kuti chamugwira mwendo n'chiyani.

Tinamuitana mtsikana uja. Anasamba m'manja, anakhala pampando mwaulemu, manja pamaondo. Msuweni wanga anawerenga funso loyamba.

"5, ankolo."

Kudzola mafuta oteteza khungu m'mawa uliwonse? 5. Kudzolanso masana? 5. Kuvala malaya a manja aatali? 5. Kukhala pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo? 5. Nanga zimene zimakuvuta? Anapukusa mutu. Palibe.

Msuweni wanga anasangalala kuti mafunso amveka. Ine maso anga anali kuseri kwa chitseko, pa msomali pomwe panapachikidwa chipewa chachikulu chija ndinagula ndi ndalama yanga ya kumapeto kwa mwezi. Linali tsiku lachitatu chili pomwepo. Ndipo mwanayo atawerama kutola makapu, kumbuyo kwa khosi lake kunali psuu, khungu litayamba kusupuka.

Sananame mwa njiru. Mwana woleredwa bwino sauza mlendo wogwira pepala ndi cholembera kuti "sindingathe". Chiyambire ali wamng'ono wakhala akumva malangizo omwewa kuchipatala, amawadziwa ngati Atate Wathu. Kwa mwana wa Sitandade 7 pepala la mafunso ndi mayeso, ndipo pa mayeso umalemba yankho lokhoza. Chinanso, mwini kugula chipewa ndinali nditakhala pomwepo, maso tong'o. Manambala aja anayeza ulemu wake, ndipo ulemuwo anakhozadi 5.

Madzulo a tsiku lomwelo tikusankha nyemba palichero, ndinamufunsa ngati zocheza.

"Iwe, Lachitatu lija chipewa unachisiyiranji?"

"Kunali mitambo, amayi. Kunkazizira."

Ndinakhala chete, chifukwa inenso Lachitatu limenelo ndinamuona akutuluka mutu uli pamtunda ndipo sindinanene kanthu. Ndinkaganiza chimodzimodzi.

Anthu a ku Mzuzu timanyadira kuzizira. Timamvera chisoni a ku Karonga ndi a ku Nsanje, timati kumeneko ndiye kuli dzuwa. Koma chimene chimawononga khungu si kutentha kumene thupi limamva. Ndi cheza china cha dzuwa chimene maso sachiona ndipo khungu silichimva pamene chikulowa, chimene a zaumoyo amachitcha UV. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo bungwe la WHO limanena kuti ukakwera mamita 1,000 alionse chezachi chimawonjezekera ndi pafupifupi 10 peresenti, poti mpweya wochisefa umachepa. Mitambo yopyapyala sichiletsa, chimadutsa ndithu. Ndiye taganizani. Ukatsikira ku Nkhata Bay, kutentha kumakuthamangitsira wekha pansi pa mtengo wa mango. Kuno mu June ndi July dzuwa timachita kulisaka. Likangosuzumira m'mitambo, agogo atulutsa mkeka, alonda asuntha mpando, ana asukulu pa buleki andanda kukhoma kuwothera ngati abuluzi. Mwana wanga amayenera kutani pamenepo? Akhale yekha pamthunzi, mano akugundana, anzake onse ali kukhomako akugawana zitumbuwa?

Pali muyeso wa mphamvu ya chezachi umene unayambira ku Canada mu 1992, ndipo mafoni ambiri amauonetsa pamodzi ndi zanyengo. Ukafika pa 3, munthu ayambe kudziteteza. Pa 11 kupita m'tsogolo ndiye poopsa kwambiri, ndipo kuno kwathu masana a miyezi yotentha ndi ya dzinja umafika pamenepo kawirikawiri. Ngakhale m'chisanu, masana owala umakhala pamwamba pa 3. Wopanda foni ali ndi muyeso wake womwe anabadwa nawo: ukaona chithunzithunzi chako chafupika kuposa iwe mwini, dziwa kuti dzuwa lili paukali, kaya mphepo ikuzizira bwanji. Maola oipitsitsa ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Amenewo ndiwonso maola a buleki, a masewera, ndi oweruka kusukulu.

Zina zonse zinatuluka mwapang'onopang'ono m'masabata otsatira, ngati mafuta a m'botolo lotsala pang'ono kutha. Ndinaphunzira kusafunsa kuti "umatha kodi?" koma kutchula tsiku, malo ndi ola.

Za chipewa zinali ziwiri. Kunabwera mphunzitsi watsopano amene tsiku lina pa asembule anakuwa kuti aliyense wovala chisoti avule, ndi mwano pamaso pa akuluakulu. Mwina sanamuone n'komwe kuti ndi ndani. Asembule ndi khamu. Koma mwana anavula, ndipo kuyambira tsikulo ankachipinda m'chikwama asanalowe pageti. Chachiwiri chinali anyamata. Chipewa chotambalala chotere kuno amavala ndi alendo okaona nyanja, ndiye ankamukuwiza kuti azungu a ku Chikale afika, wina n'kuchitsomphola, n'kumaponyerana. Khungu lake limamuonetsa kale patali. Chipewa chinkangowonjezera belu.

Za mafuta ndi zimene zinandipweteka. Botolo limene tinalandira kuchipatala linali litatha miyezi iwiri likadali ndi kanthu, ndipo ine ndinkamuyamikira kuti ndi mwana wosamala zinthu. Nditakhala pansi n'kuwerengera, ndinachita manyazi. Mafuta olembedwa SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza chowotcha khungu, a SPF 50 pafupifupi 98, koma pokhapokha ukapaka okwanira, ndipo uyenera kupakanso pakatha maola awiri alionse uli panja, kapena ukatuluka thukuta. Munthu wamkulu kuti adzole thupi lonse amafunika mamililita pafupifupi 35, omwe ndi masupuni a tiyi 7. Botolo la mamililita 200 ndi masupuni 40. Titati mwanayu azidzola kumaso, m'makutu, m'khosi, m'mikono ndi m'miyendo masupuni atatu okha, kawiri patsiku, botololo sabata imodzi silimaliza. Iye ankafinya kadontho ngati njere ya chimanga n'kukafalitsa nkhope yonse.

"Ndimaopa angathe, amayi. Paja tsiku lija munadandaula."

Tsiku lija ndikulikumbukira. Mafutawa amayenera kupezeka mwaulere m'zipatala za boma, ndipo nthawi zambiri tawalandiradi, koma ulendo umenewo tinadikira pamzere m'mawa wonse n'kuuzidwa kuti atha, tidzayesenso mwezi wamawa. Tinadzera kufamase m'tauni, ndinafunsa mtengo, ndinabweza botolo pashelefu mwakachetechete. M'minibasi ndinang'ung'udza ndekha za ndalama. Ndinkayesa akuyang'ana pawindo. Mwana wamasiye amamva zonse, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi kukhala mtolo.

Pa pepala lija panalibe funso lofika pamenepa. Zovuta zimene analembapo eni ake zinali za kwawo: kuiwala, mafuta kunata pakhungu, chipewa kuwononga tsitsi. Panali ngakhale lina loti "ndimaoneka bwino khungu langa likaderako ndi dzuwa", limene tinalichotsa tikuseka. Silinali funso lopusa ayi. Kumayiko ngati Australia, kumene anayamba kampeni yaikulu yolimbikitsa malaya, mafuta ndi chipewa mu 1981, anthu amakagona dala pamchenga kuti apse. Kumeneko chovuta chili mumtima mwa munthu, botolo lili m'kabati. Kuno botolo ndi limene kulibe.

Ndiye pali nkhani ya njira. Kuchoka kusukulu kubwera kunyumba pali njira ziwiri. Yachidule imatsikira kudambo, imadutsa m'nthochi ndi m'mitengo, mthunzi wokhawokha, mphindi zochepa wafika. Inayo ndi msewu waukulu, wautali, wopanda ndi mtengo umodzi womwe, koma wodzaza anthu, akabaza ndi maokala. Ndinamuletsa ndine njira yachidule ija, ndipo ndinamulumbiritsa. Kuyambira cha mu 2014 dziko lino linamva zinthu zosaneneka zochitikira anthu achialubino, kubedwa, kuphedwa, manda kufukulidwa, ndipo palibe kholo la mwana wotere limene linagonanso tulo tofanana ndi kale. Choncho tsiku lililonse, dzuwa lili paliwombo, ndimamuyendetsa pamtetete mwadala. Akuchipatala amati funa mthunzi, ine ndimati yenda poonekera. Tonse tikufuna moyo wake. Pa 1 mpaka 5, ameneyu achonge pati?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, pomwe kale anthu ankangoyerekeza kuti alipo pakati pa 7,000 ndi 10,000. Tili ndi bungwe la APAM loimira anthu achialubino, tili ndi tsiku la 13 June lokumbukira za chialubino padziko lonse, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo. Mwana wanga anadula chithunzi chawo m'nyuzipepala. Koma zigawenga zimamveka pa wailesi, pomwe dzuwa limapha mopanda phokoso, ndipo khansa ya pakhungu ndi imene imatenga ambiri. Imayamba ngati zachabe: timamba tokhakhala pakhutu, pamlomo, pamphumi kapena kumbuyo kwa khosi, kenako kachilonda kosapola. Tikapezeka msanga, achipatala amatiwumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri n'kuthana nato pomwepo. Tikachedwa, nkhani imakhala ya opaleshoni ndi maulendo a kutali. Ichi n'chifukwa chake khosi lofiira lija linandisowetsa tulo.

Msuweni wanga anapitanso nalo pepala lake kwa anthu ena, ndipo anabwerako ndi nkhani. Wakabaza wina wa pa siteji ya kwathu kuno anayankha kuti palibe chomuvuta chilichonse pa zodziteteza ku dzuwa. Atamufunsitsa, anati, "Bwana, ine ndi dzuwa ndife apachibale. Lindichita chiyani munthu wakuda ngati ine?" Analibe chovuta chifukwa analibe n'cholinga chomwe. Pa pepala, iye ndi mwana wanga anafanana ndendende: zovuta palibe. Wina sakuona choopsa, wina akuchiona koma akubisa. Pa za khungu wakabazayo sanalakwitse kwambiri, khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chachibadwa, ngakhale si chathunthu. Koma maso ake anali ofiira, ndipo cheza chomwechi ndi chimene chimathandizira ng'ala ndi kamnofu kaja kamamera m'diso mwa anthu okhalitsa padzuwa ndi pafumbi.

Amene anapambana onse anali mayi wina wogulitsa tomato ku Zigwagwa. Ambulera sasiyana nayo, duku kumutu, malaya mpaka m'manja. Za khansa sanazitchule. Amadzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo anati dzuwa limamubwezera mmbuyo ndalama zake. Ndinaseka, kenako ndinasiya, poti mafuta amenewo amafooketsadi khungu pamaso pa dzuwa. Mayiyo akuchita zoyenera pa chifukwa chimene pepala silinachiganizire.

Tinakhalanso pansi ndi msuweni wanga kulemba mafunso mwatsopano. Anandiuza, akudzikanda m'mutu, kuti Bandura mwini wake ankalangiza zomwezi, kuti funso lotere lisamakhale lachisawawa, lizitchula zochitika zenizeni, kuyambira zophweka mpaka zovuta. Ndiye tinalemba za kwathu. Ungakwanitse kuvala chipewa pa asembule, aphunzitsi atanena kuti onse avule? Ungakwanitse anyamata akukuseka? Kuli mitambo ndipo kukuzizira? Ungakwanitse kudzola mafuta okwanira ukuona kuti botolo latsala pang'ono? Ungakhale pamthunzi anzako onse ali kukhoma? M'malo mwa manambala apapepala tinaika nyemba zisanu patebulo, atenge zochuluka monga mmene akuonera. Ndipo ine anandithamangitsa. Ndinapita kuchigayo ndi chimanga chimene chikanatha kudikira.

Pobwera ndinapeza pepala lina ndithu. Pa asembule, nyemba imodzi. Anyamata akuseka, ziwiri. Kuli mitambo, zinayi, poti tsopano anali atamva za cheza chija. Botolo likamatha, imodzi. Pamthunzi yekha, anakana kutenga ngakhale imodzi. Msuweni wanga anaoneka wokhumudwa kuti manambala agwa. Ine mtima unakhala pansi koyamba chiyambire Loweruka lija, chifukwa awa anali manambala oti munthu n'kuwagwirira ntchito.

Anamufunsanso funso limene silinali pa pepala lililonse: kuti nyemba imodzi ikhale ziwiri, pangafunike chiyani? Yankho lake silinali la maphunziro kapena uphungu. Anati chipewa chikanakhala cha nsalu ya yunifomu, bwenzi chikuoneka ngati cha sukulu.

Lolemba ndinapempha chilolezo kuntchito n'kupita kukaonana ndi ahedi a kusukulu kwake. Anandilandira bwino, anadandaula kuti nkhani ya pa asembule sanaidziwe, ndipo analengeza okha pamaso pa ana ndi aphunzitsi kuti chipewa cha mwanayu ndi mankhwala, wochigwira akakumana nawo ku ofesi. Telala wa kumsika anasoka chipewa cha mtundu wa yunifomu, chotambalala bwino kuphimba makutu ndi khosi, ndi malaya awiri a manja aatali a nsalu yothithikana koma yopepuka, tikuganizira kutentha kwa October. Nsalu siitha ngati mafuta, ndipo pamene pavala sipafunanso kudzola, ndiye botolo limatalikirako. Mnzake wina wapamtima, mwana wa aneba athu Achitumbuka, analira kwa mayi ake mpaka naye anamusokera chake. Tsopano pa buleki kukhonde la mthunzi amakhala awiri, atafunda juzi imodzi. Za njira sindinasinthe. Amayendabe mumsewu waukulu. Za mafuta, ndinamuonetsa supuni, ndinamuuza kuti kuwerengera ndalama ndi ntchito yanga, yake ndi kudzola. Ngati anandikhulupirira, botolo ndi limene lidzanene.

Lamulungu lapitali tikukonzeka kupita kutchalitchi, kunja kutayera mbee, ndinapeza chipewa chili pa msomali paja. Iye ali pakhomo, diresi yake yabwino, Baibulo m'manja.

"Nanga ichi?"

Anagwira kumutu. Dzulo lake anali atakhala maola atatu pamkeka akulukidwa tsitsi, mizere yowongoka bwino, mikanda kumapeto.

"Amayi, ndiye anthu aliona bwanji?"

Funso la chipewa ndi tsitsi linalipo pa pepala loyamba lija. Ndine ndinauza msuweni wanga kuti alichotse, ati zimenezo n'za azungu. Ndinaima ndi chipewa m'manja, belu loyamba likulira. Kenako ndinachibwezera pa msomali, ndinalowa kuchipinda kukatenga ambulera yanga yaikulu yakuda ija ya mvula, ndi botolo, ndi supuni. Mizere ya pakati pa malukidwe ndinaipaka ndekha ndi chala, umodzi umodzi, iye akudandaula kuti tichedwa. Tinapezadi kwaya italowa kale.